Kwa achimwene a mashopu atatu ku Mchinji: netiweki ikadula, manambala asamasokonekere

Achimwene, mwati muli ndi mashopu atatu a zipangizo za ulimi, pa boma, pa Kamwendo ndi ku Kapiri, onse amalemba katundu mu pulogalamu imodzi, koma netiweki ikadula n'kubwereranso, manambala sagwirizana. Ndiye mukufunsa pulogalamu yabwino yoti mugule. Yothetseratu vutoli kulibe, ndipo wokuuzani kuti ali nayo akungofuna ndalama zanu.

Tiyerekeze kuti matumba a urea atsala 40, onse ali pa boma, ndipo netiweki yadula ku Kapiri. Mlimi wafika kumeneko n'kulipira matumba 25 kuti akatenge mawa. Nthawi yomweyo pa Kamwendo wina walipira 30. Foni ya ku Kapiri sinamve za malonda a pa Kamwendo, ikuonabe 40. Mwagulitsa matumba 55 muli ndi 40. Pamenepa njira ndi ziwiri basi: mnyamata wa ku Kapiri akane kugulitsa mpaka netiweki ibwere, kapena agulitse podziwa kuti nambala yake mwina ndi yakale. Kugulitsa osadikira ndi kukhala ndi nambala yolondola, zonse ziwiri pamodzi sizitheka netiweki ikadula. Akatswiri amazitcha CAP theorem. Anazinena Eric Brewer mu 2000, ndipo Seth Gilbert ndi Nancy Lynch a ku yunivesite ya MIT ku America anazitsimikizira ndi masamu mu 2002. Ngakhale a Amazon, kampani yogulitsa katundu pa intaneti, pofotokoza mu 2007 za Dynamo, pulogalamu yawo yosunga zolemba, anavomera kuti anasankha zoti basiketi ya wogula izilandira katundu nthawi zonse, olo zikutanthauza kuti chinthu chimene munthu anachotsa nthawi zina chimabwereramo. Ndiye inu musadzione ngati mwalodzedwa.

Nkhani yagona pa kusankha kuti n'chiyani chingadikire netiweki ndipo n'chiyani sichingadikire. Nyengo ya feteleza simungabweze mlimi amene wapalasa njinga kuchokera kutali chifukwa cha intaneti. Choncho gawiranitu katundu: matumba 15 akhale a ku Kapiri, 15 a pa Kamwendo, 10 a pa boma. Shopu iliyonse igulitse gawo lake popanda kufunsa wina. Gawo likatha, apo ndiye adikire, kapena aimbe foni. Koma ngongole ndi kubweza ndalama, zimenezo zidikire ndithu. Munthu mmodzi akhoza kukongola ku mashopu awiri tsiku limodzi inu osadziwa.

Chimene chimapweteka ambiri ndi kalembedwe. Pulogalamu ikamatumiza kuti "atsala 15", wotumiza pomaliza amafufuta za anzake, ndipo malonda ena amangosowa osasiya mapazi. Izitumiza chimene chachitika: "Kapiri yagulitsa matumba 25, lisiti KP-0412". Zotere mukhoza kuziphatikiza m'dongosolo lililonse, yankho limatuluka limodzimodzi. Nambala ya lisitiyo musaipeputse. Netiweki imatha kudula uthenga utafika kale koma yankho lisanabwere. Foni imaganiza kuti zakanika n'kutumizanso. Popanda nambala yakeyake, malonda amodzi amalembedwa kawiri, kenako mumayamba kukayikira mnyamata wosalakwa. Musadalirenso wotchi ya foni pofuna kudziwa amene anayamba kulemba, mafoni ena batire ikatheratu amadzuka ndi tsiku lolakwika.

Pokambirana ndi wokupangirani pulogalamu, mufunseni ngati imasunga kaye mufoni n'kutumiza pambuyo pake. Si zachilendo: KoboToolbox ndi ODK zimene amabungwe amayenda nazo m'midzi polemba za kafukufuku zimatero, ndipo CouchDB ndi PouchDB, zosungiramo zolemba za mapulogalamu, anazipangira ntchito yomweyi, zimasunga mbali zonse ziwiri zikasemphana kuti musankhe nokha. Asakuuzeni pakamwa. Ikani mafoni awiri pa flight mode, gulitsani thumba lomwelo pa onse awiri, yatsani data, muone chimene chituluke. Kukhala ndi SIM ya Airtel ndi ya TNM kumathandiza, koma kumangochepetsa masiku ovuta.

China: kulumikiza mashopu si backup, kapena kuti kope losungidwa padera loti mubwezeretsere zikatayika. Wina akafufuta molakwika pa boma, kufufutako kumafika ku Kapiri netiweki ikangobwera. Madzulo aliwonse koperani zonse pa flash, ndipo isamagone mushopu momwe muli kompyuta. Kamodzi pa mwezi itseguleni pa kompyuta ina muone ngati zilimodi. Buku la malisiti nalo musalitaye msanga, lisungeni mpaka nyengo ya malonda ithe.