Phala la sopo likusefukira m'chikombole: yankho kwa mayi a ku Ngabu ndi mwana wawo

Mayi ena a ku Ngabu andilembera za mwana wawo wamkazi. Mwanayo analemba mayeso a Fomu 4 koma masamu sanamuyendere, ndipo pano waphunzira kupanga sopo kwa amayi a banki mkhonde. Ulendo woyamba phala la sopo linasefukira m'chikombole n'kutayikira pansi. Wachiwiri linangolekera pakati, migugu n'kutuluka yopyapyala moti sakanaigulitsa. Mayiwa akuti mafuta akungotha, ndalama sizikuoneka, ndiye akufunsa ngati pali tsogolo pa ntchitoyi kapena angomubwezera kusukulu.

Zikomo mayi polemba. Funso lanu ndiliyankha, koma tiyambe tathana ndi chikombolecho. Muitaneni mwanayo, abwere ndi rula kapena tepi ya atelala.

Iwe mwanangu, yeza m'kati mwa chikombole, osati kunja. Ambiri amagwa pomwepa. Tiyerekeze kuti kalipentala wakukhomera chikombole cha matabwa ochindikala masentimita 2, ndipo m'kati mwake muli masentimita 30 mulitali, 10 mulifupi, kuya 8. Usadzaze mpaka m'milomo. Siya sentimita imodzi pamwamba, uwerengere kuya kwa 7. Tsopano chulukitsa: 30 kuchulukitsa ndi 10, kenako ndi 7, ukupeza 2,100. Amenewo ndi mamililita a malo omwe phala lako likhalemo. Ukanayeza kunja ukanapeza 34, 14 ndi 10, zomwe zikupereka 4,760, kuposa kawiri. Ndikukayikira kuti sopo wako woyamba uja anatayika chifukwa chotere, kapena unatenga muyezo wa mnzako yemwe chikombole chake n'chachikulu kuposa chako.

Tenga 2,100 uja uchulukitse ndi 0.7. Ukupeza 1,470. Awo ndi magalamu a mafuta amene chikombole chako chikufuna.

Usangoloweza nambala ya 0.7 osadziwa komwe ikuchokera. M'chikombole simulowa mafuta okha. Mumalowanso kositiki, mankhwala owotcha aja osandutsa mafuta kukhala sopo, ndi madzi omwe wamusungunuliramo, ndipo nazonso zimafuna malo. Opanga sopo anaona kuti pa malo alionse olowa mililita imodzi, mafuta oyenera ndi pafupifupi magalamu 0.7, malo otsalawo n'kukhala a madzi ndi kositiki. Ngati umakonda kuchulutsa madzi, tsitsa nambalayo ifike pa 0.65. Ukamawerenga pa intaneti ukumananso ndi nambala ya 0.4. Imeneyo ndi ya anthu oyeza ndi mainchesi n'kumapima mafuta ndi maaunsi, monga ku America. Usaisakanize ndi masentimita, upeza yankho losokonekera.

Nanga chikombole chikakhala chopanda ngodya, monga kabeseni kapena chigubu chodula? Chiike pa sikelo, uthiremo madzi mpaka pomwe ukufuna sopo alekere. Madzi olemera galamu imodzi amatenga malo a mililita imodzi, choncho kulemera kwa madziwo ndiye kukula kwa m'kati mwa chikombole. Lita imodzi ya madzi ikutanthauza magalamu 700 a mafuta. Ukagwiritsa ntchito paipi ya pulasitiki pofuna sopo wozungulira, njira ya madziyi ikugwirabe, bola utseke bwino kunsi kwake.

Pali msampha wina umene ndikufuna nanunso mayi muumve, poti ndinu mukutulutsa ndalama. Mafuta timagula m'malita, koma sopo amapangidwa ndi kulemera. Lita ya mafuta silemera kilogalamu. Imalemera pafupifupi magalamu 920. Choncho magalamu 1,470 ali pafupi ndi malita 1.6. Wongoyeza ndi botolo n'kumati lita ndi kilo, mafuta ake amaperewera pomwe kositiki wathira wokwana, ndipo sopo wotero amawotcha manja a wochapa. Kasitomala amene wasupuka zala sabweranso, komanso amauza anzake pa mjigo.

Kositiki naye sayezedwa ndi supuni, ndipo mafuta aliwonse ali ndi mlingo wake. Mafuta a mawese amafuna pafupifupi magalamu 0.141 a kositiki pa galamu iliyonse, a mpendadzuwa 0.134, a njere za thonje 0.138. Tinene kuti pa magalamu 1,470 aja waika 900 a mawese, chifukwa ndi amene amalimbitsa mugugu, ndi 570 a mpendadzuwa. Mawese akufuna magalamu 127 a kositiki, mpendadzuwa 76, pamodzi 203. Chotsapo magawo 5 pa 100 alionse kuti patsale timafuta tofewetsa khungu, utsala ndi 193. Madzi akhale kawiri kulemera kwa kositikiyo, magalamu 386. Ukasintha mtundu wa mafuta, werengeranso kuyambira pachiyambi. Thira kositiki m'madzi, osati madzi pa kositiki, uli panja popita mphepo, utavala magolovesi ndi magalasi oteteza maso, ana ali kutali. Poto wa aluminiyamu ayi, kositiki amamudya. Akakudonthera pakhungu, tsukapo ndi madzi ambiri nthawi yomweyo.

Kuno kuchigwa tili ndi dzuwa lathu. Malangizo ambiri olembedwa kumaiko ozizira amati ufunditse chikombole ndi bulangete. Ku Ngabu mwezi wa Okutobala, pomwe kutentha kumafika madigiri 40, bulangete lingakuwonongere sopo: amatenthetsa m'kati, n'kung'aluka pamwamba kapena kufufuma. Panga m'mamawa, uike chikombole pamthunzi. Ukadula, migugu iume milungu inayi kapena isanu ndi umodzi pamalo opita mphepo usanaigulitse, ngakhale ndalama ikuvute chotani.

Tsopano mayi, tibwerere kwa inu. Mwaona zimene mwana wanu wachita pamwambapa? Wachulukitsa, wapeza kukula kwa m'kati mwa chinthu, wachotsa peresenti, wasintha malita kukhala magalamu. Awa ndi masamu omwewo anamuzunguza m'kalasi. Ndakhala ndikuona ana ambiri amene ankati masamu si awo, koma atawagwira ndi manja pa ntchito yowapatsa ndalama anayamba kuwamva. N'chifukwa chake sindikugwirizana ndi zoti musankhe chimodzi, sopo kapena sukulu. Apitirize sopoyo, ndipo ngati mungakwanitse, alembetsenso mayeso a MSCE ku MANEB kudzera kusukulu yamasana, akonze masamu ndi sayansi. Satifiketi yabwino idzamutsegulira makomo a maphunziro a luso la manja amene bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, limayang'anira. Akadzakhoza bwino kwambiri, ku yunivesite ya MUST ku Thyolo kuli maphunziro a uinjiniya wa zosakaniza mankhwala, ndipo kupanga sopo ndi kachigawo ka sayansi yomweyo. Tsiku limene adzafune kuika sopo wake m'masitolo a ku Nchalo kapena ku Blantyre, adzayenera kudutsa ku Malawi Bureau of Standards, bungwe loona za ubwino wa katundu wogulitsidwa, ndipo kumeneko sopo wosinthasintha, lero wolimba mawa wofewa, sangapite patali.

Ndalama yotsatira musagulire mafuta. Mugulireni sikelo ya batire yoyeza galamu imodziimodzi, ndi kope. M'kopemo azilemba tsiku, miyezo ya chikombole, mafuta, kositiki, madzi, ndalama zomwe wagwiritsa ntchito, ndi mmene sopo watulukira. Chikombole cha masentimita 30 chija chikadulidwa pa masentimita 3 chipereka zidutswa 10. Agawe ndalama zonse zomwe wagwiritsa ntchito ndi 10, kuphatikizapo ya minibasi yokagulira kositiki, adziwe mtengo weniweni wa chidutswa chimodzi asanatchule mtengo kwa wogula.

Ulendo ukubwerawu asadzaze chikombole chachikulu. Ayesere kaye m'kachigubu kolowa theka la lita, kamene kakufuna magalamu 350 okha a mafuta, awerengere kositiki ndi madzi yekha, inu mungoyang'ana. Kakadzaza bwino ndipo sopo akauma osawotcha, abwerere ku matabwa aja, ndipo mudzandilembere manambala omwe wapeza.