Ndiike galimoto yanga pa hayala ndikakhala pa ulendo?

Funso: Ndikuchokapo kwa miyezi iwiri ndiye galimoto yanga ingokhala pakhomo. Mnzanga akuti bola ndizibwereketsa kwa anthu izibweretsako kandalama, koma anthu akewo ndi osawadziwa. Ndipange bwanji? Wowerenga wanu.

Yankho: Achimwene, musanapereke makiyi imbirani kaye a inshuwalansi, chifukwa inshuwalansi zambiri za galimoto yoyendera mwini wake sizilipira ngozi ikachitika galimotoyo ili pa hayala, ndiye tangoganizani muli kutali uko mukungomva kuti yagunda munthu, kampani yakana, mavuto onse akusaka inuyo. Apa mpamene pamandidetsa nkhawa kwambiri ineyo.

Akakulolani, lemberanani pangano ndi wobwerekayo, alipire dipoziti, ndipo laisensi yake ionedwe yeniyeniyo osati chithunzi cha pa WhatsApp. Jambulani galimoto mbali zonse, makilomita, matayala mpaka batire, poti alipo ena amamasula zabwinozo n'kuikamo zakutha. Ka GPS tracker, kachipangizo kosonyeza kumene galimoto ili, kamathandizanso.

Koma nanga azipereka ndi kulandira makiyi ndani inu kulibe? Ngati palibe munthu wodalirika woti aziiyendera ikabwera, ine ndingati ingoiimikani, muchotse waya wa batire, muyende ndi mtima m'malo.