Mchimwene wanga kundende akungoti "ine ndinatha kale"

FUNSO: Anti, mchimwene wanga ali kundende, anavulaza mnzake pa mowa ndiye anamugamula zaka 6. Ndikapita kukamuona amangoti "ine ndine galu, musamavutike nane", mwezi wathawu wamenyananso ndi mnzake mu selo nkhani yake malo ogona. Amayi akuti ndisiye kumunyengerera ndizimukalipira kuti amve kuwawa asinthe. Nditani? Mlongo wake, Ndirande.

YANKHO: Mwana wanga, amayi akuyankhula ndi mtima wosweka ndipo ndikuwamvetsa, koma pamenepa sindikugwirizana nawo. Mchimwene wakoyo akudzikalipira kale usiku ndi usana, ndipo munthu amene wadziweruza kuti anatha saona chifukwa chougwirira mtima, wina akangomuponda phazi amaponya chibakera poti akuona ngati palibe chomwe angataye.

Izi akatswiri anazifufuzapo. June Tangney ndi anzake ku America anatsatira akaidi mpaka atatuluka, zotsatira anazitulutsa mu 2014. Amene ankamva chisoni ndi zomwe anachita, kunena kuti "ndinalakwa, ndinapweteka munthu", sankabwereza milandu kwambiri. Koma manyazi aja oti "ndine munthu woipa" ambiri ankawakankhira koloza ena chala, kenako nkulakwanso. Ndiye mchimwene wakoyo akufunika kudzichitira chifundo, koma sikuti akane mlandu ayi, mlandu auvomere wonse, munthu anavulala uja ndi munthu ndithu. Chomwe asiye nkudzitcha galu.

Komanso tisamuweruze ngati akugona pa matilesi kunyumba. Ndende zathu nzodzadza moti khothi linanena kale mu 2009 pa mlandu womwe mkaidi wina, Gable Masangano, anasumira boma kuti kuthithikana koteroko nkuphwanya ufulu wa munthu, anthu amagona chokhala, ena kudya kamodzi patsiku, njala ndi kusowa tulo zimafupikitsa mtima wa aliyense ngakhale wa abusa amene.

Ukapitanso usayambe ndi za ndewuyo. Mupatse kaye kachakudya adye, mutchule dzina lake lenileni, akati ndine galu umuuze kuti "achimwene munalakwa inde, koma ine ndabwera kudzaona mchimwene wanga". Kenako mufunse chimachitika nchiyani mthupi mwake ndewu isanayambe, mtima kuthamanga, manja kunjenjemera, kutentha kumutu. Akazizindikira apume mpweya pang'onopang'ono kangapo, akhale pansi, nkhani ya malo akaitule kwa nyapala, mkaidi amene amatsogolera anzake mu selo, kapena kwa woyang'anira ndende. Tsiku lina adzalephera, adzakalipa, zisamupangitse kunena kuti basi zakanika, mawa ayambirenso.

Umukumbutsenso kuti mkaidi wakhalidwe labwino amachotseredwa gawo limodzi mwa magawo atatu a chilango, pa zaka 6 ndi zaka 2 zimenezo, ndipo ndewu ikhoza kumudyera ena mwa masiku amenewa. Ndende zina zili ndi sukulu mpaka anthu amalemba MSCE ali konko, kwina kuli ukalipentala ndi kusoka, afunse alembetse. Amayi usalimbane nawo, apemphe ulendo wina mudzapite limodzi.