Vomerani awaveke, kuchipatala amayenda modzilimbitsa

Achemwali, mwafunsa ngati muvomere kuti achipatala awaveke bambo anuwo kachipangizo ka m'chiuno koyeza mayendedwe awo: vomerani msanga. Mayi anga ali ndi Parkinson's, matenda a muubongo amene amachititsa munthu kunjenjemera ndi kuvutika kuyenda, ndipo ndikakumbukira zimene tinaona mtima umandiwawabe. Kuchipatala ankawayendetsa mamita 10 pakhonde losalala, lowala bwino, dokotala ali ndi wotchi m'manja. Mayi, podziwa kuti maso ali pa iwo, ankadzilimbitsa n'kuyenda bwinobwino. Kunyumba ndiye zina. Akafika pachitseko kapena akafuna kutembenuka, mapazi amangomatirira pansi, thupi lokha n'kumapita kutsogolo.

Usiku wina anadzuka kupita kuchimbudzi, kufika pachitseko miyendo gwa! Anagwa chafufumimba, chipumi n'kumenyetsa pamphuthu. Anagona pansi pozizirapo mkodzo utawathawa, akuitana ndi timawu tapansipansi ta matendawa, ife tili mtulo. Ndinawapeza m'bandakucha magazi atauma kumaso, akulira ndi manyazi, akupepesa ine. Titathamangira nawo kuchipatala, dokotala uja atawasoka anawayendetsanso pakhonde lomwe lija, akuti liwiro lawo likupitirira mamita 0.8 pa sekondi, ndiye palibe chodetsa nkhawa. Ine ndiye ndikukokomeza! Munthu wosamva ngati ameneyo sindinamuonepo.

Wa fizio (wothandiza odwala ndi masewero olimbitsa thupi) wina ndi amene anawamatira sensa, kachipangizo ngati komweko, m'munsi mwa msana kwa sabata yathunthu. Mkati mwake muli accelerometer ndi gyroscope, zoyeza kugwedezeka ndi kutembenuka kwa thupi kambirimbiri pa sekondi iliyonse. Zotsatira zake zinanena zomwe ndinkanena ine: kunyumba masitepe afupiafupi, osafanana, kutembenuka kochedwa, makamaka mankhwala akamatha mphamvu m'thupi. Nthawi zomwera levodopa, mankhwala a Parkinson's, achipatala anazisintha chifukwa cha zimenezo.

Koma manambalawo musawakhulupirire kwambiri. Wotchi zapamkono zowerenga masitepe zija ndiye ayi, munthu akamayenda pang'onopang'ono kapena atagwira chomuthandiza kuyenda, mkono sugwedezeka, masitepe ambiri sawerengedwa. Ngakhale sensa ya pamsanayo, mayi ankaimatula usiku akuti ikuyabwa, nthawi yomwe amagwayo. Inu muzilemba m'kope nthawi imene mapazi akakamira ndi imene amwa mankhwala, muziwajambulanso vidiyo pafoni akamatembenuka. Ndipo madokotala muziwamvera ndithu, mankhwala musasinthe nokha.