Funsani Akukhitchini: Nkhuku ya ku Atlanta ikundikanika

Funso: Mwana wanga ali ku Atlanta, ndipo sasiya kutamanda nkhomaliro ya kumalo amene amawatcha tea room: nkhuku yokazinga, masamba, ndi tiyi wozizira. Kumalo omwera tiyi nkhuku ikutani? Ndayesanso kuikazinga monga anandifotokozera, koma kunja ikupserera mkati muli magazi. Ndikulakwitsa pati? Mayi wa ku Zomba

Yankho: Mayi, dzinalo lisakusokonezeni. Kummwera kwa America, malo otere ankatsegulidwa ndi azimayi ophika chakudya cha pakhomo. Odziwika kwambiri ku Atlanta ndi Mary Mac's Tea Room, amene Mary MacKenzie anatsegula mu 1945. Kumeneko mumalemba nokha ndi pensulo zimene mukufuna kudya.

Pa nkhukuyo, vuto ndi moto. Tengani nkhuku yachizungu, chifukwa yachikuda imalimba ikakazingidwa chonchi. Iduleni zidutswa 8, muiviike mu theka la lita la chambiko chothira masupuni aang'ono awiri a mchere, igone mufiriji usiku wonse. Ku America amagwiritsa ntchito buttermilk, mkaka wawo wosasa, koma chambiko chimafewetsa nyama chimodzimodzi. Mawa lake gubuduzani zidutswazo mu makapu awiri a fulawa wa tsabola, muzisiye mphindi 15 kuti fulawayo agwire. Mukathamangira, amasupukira m'mafuta.

Mafuta afike pakati pa chidutswa, atenthe madigiri 175. Ngati mulibe choyezera, ponyanimo kafulawa: kakachita thovu pomwepo, ali bwino, akamafuka utsi, apyola, ndipo ndi zimene zikukuchitikirani. Ikani zidutswa zitatu kapena zinayi basi, mukazinge mphindi 12 mpaka 15, kutembenuza kamodzi. Mukadzaza poto mafuta amazizira, nkhuku n'kumwa mafuta. Bayani pafupi ndi fupa. Madzi otuluka akhale oyera.

Masambawo ndi collard greens, achibale a chomoliya. Kuno timakonda ofwafwaza, koma kumeneko amawawiritsa pamoto wochepa kwa ola lathunthu kapena kuposa, pamodzi ndi fupa la nkhumba yowamba ndi anyezi. Msuzi wake amautcha pot likker, ndipo satayidwa: amasunsamo cornbread. Ife tikuona kuti kukoma kwa mbale yonse kwagona pamsuzi umenewu, choncho soda musathire.

Cornbread ndi m'bale wa chigumu, kungoti ambiri kumeneko sathira shuga. Makapu awiri a mgaiwa, dzira limodzi, kapu ndi theka la chambiko, theka la supuni yaing'ono ya soda, ndi mchere. Tenthetsani kaye chiwaya chachitsulo ndi masupuni atatu a mafuta, kenaka thirani phalalo lilire, muwotche mphindi 20 pa madigiri 220. Chiwaya chozizira chimamatitsa, ndipo nkhoko yokomayo sipezeka.

Tiyi ndiye wosavuta. Viikani timatumba 6 m'madzi owira theka la lita kwa mphindi 5 zokha, osatifinya, chifukwa amawawa. Shuga, theka la kapu, athiridwe tiyi akadali wotentha. M'madzi ozizira amangokhala pansi. Onjezani madzi akwane malita awiri, muyembekeze azizire yekha musanamuike mufiriji, apo ayi amachita mbuu. Pomwa, dzazani tambula ndi ayezi, mkaka ayi.