Mwana wanga akufuna kudzalowa ndale kuti azimenyera ufulu wa amayi

Mayi wina watilembera kuti mwana wawo wamkazi, yemwe akumaliza sekondale, wanenetsa kuti adzalowa ndale kuti azimenyera ufulu wa amayi ndi atsikana. Akufunsa kuti kuyunivesite akasankhe maphunziro ati, komanso ngati ndale ndi ntchito yoti munthu n'kuidalira.

Mayi, ndiyambe ndi funso lachiwirilo: ayi, si yodalirika. Mpando wa phungu ndi wobwereka, ndipo eni ake amatha kuulanda pa chisankho ngakhale munthu wagwira bwino ntchito. Choncho mwanayo akhale kaye ndi ntchito yakeyake yomudyetsa.

Mufotokozereni za Wangari Maathai wa ku Kenya. Iye sanaphunzire za ndale, anaphunzira sayansi ya zamoyo, ndipo mu 1971 anakhala mayi woyamba kum'mawa ndi pakati pa Africa kutenga digiri ya PhD. Mu 1977 anayambitsa bungwe la Green Belt Movement, lomwe linkalimbikitsa amayi akumidzi kudzala mitengo poona kuti iwo ndi amene ankavutika nkhuni ndi madzi zikasowa. Apolisi anamumenyapo, ndipo anamutsekerapo. Mu 1997 anapikisana nawo pa chisankho n'kugwa. Uphungu wa dera la Tetu anaupeza mu 2002, patatha zaka 25 akuyenda ndi amayi aja. Mphoto ya Nobel inabwera mu 2004, koma mu 2007 mpando uja unamuchoka. Achinyamata ambiri amangokumbukira mphotoyo, zaka 25 zija n'kuzilumpha.

Za maphunziro, palibe kosi imodzi yotulutsa andale. Zamalamulo zimathandiza poti ntchito ya phungu ndi kupanga malamulo. Ine ndimakonda kulimbikitsa zachuma, chifukwa lamulo loteteza atsikana likapanda ndalama mu bajeti limangokhala papepala, ndipo oiwerenga bajetiyo n'kuimvetsa ndi ochepa. Uphunzitsi, unamwino kapena zaulimi nazonso zili bwino ngati ndi kumene amakhoza.

Pakadali pano mufunseni kuti vuto limene likumupweteka mtima ndi liti kwenikweni. Akangoti "ufulu wa amayi" ndiye kuti sanafike. Atchule chimodzi, kaya ndi maukwati a ana kapena nkhanza za m'banja, kenako adzipereke ku bungwe lomwe likulimbana nalo, aphunzire kulemba malipoti ndi kumvetsera anthu.

Musamubisirenso kuti amayi andale amanyozedwa kwambiri, pa misonkhano ndi pa Facebook pomwe, nthawi zambiri pa nkhani za thupi lawo kapena banja lawo. Ndi bwino zimenezi azimve kwa inu asanakumane nazo.