Kugonjerana kwa ku Philadelphia ndi amene anakulipirira

Mayi wina amene akuphunzira mbiri ya dziko la America wanditumizira imelo yofunsa ngati malamulo oyendetsera dziko olembedwa mogonjerana, monga a dziko la America amene analembedwa mumzinda wa Philadelphia mu 1787, ali oyenera ulemu, poti mbali iliyonse inataya zina mwa zimene inkakhulupirira. Mayi, funso lanu landigunda pachilonda, choncho mundilole ndiyambire pa ine mwini.

Zaka zapitazo ndinali mlembi wa komiti yolemba malamulo a bungwe lina la nthambi zambiri. Nthambi zikuluzikulu zinkafuna mavoti molingana ndi kuchuluka kwa mamembala, pamene zing'onozing'ono zinkaumirira kuti nthambi iliyonse ikhale ndi voti imodzi. Tinakokanakokana masabata atatu, pepala langa linachita kuda ndi zofufutafufuta, ndipo wapampando anafika posiya kundiyankha moni. Titamvana ndinatuluka ndikudziguguda pachifuwa. Komatu kuti timvane tinachotsa ndime yopatsa voti mamembala ochedwa kulipira chopereka, ndipo m'chipindamo munalibe ngakhale mmodzi wa iwo. Dzanja limene linafufuta ndimeyo ndi langali.

N'chifukwa chake nkhani ya ku Philadelphia sindiiwerenga ndi mtima wozizira. Nthumwi 55 zochokera m'zigawo 12 zinakambirana mobisa kuyambira Meyi mpaka pa 17 Seputembala 1787, chigawo cha Rhode Island chitakana kutumiza munthu. James Madison ndi anzake a ku Virginia ankafuna kuti mipando ya m'nyumba ya malamulo igawidwe potsata chiwerengero cha anthu, koma William Paterson wa ku New Jersey anaimira zigawo zazing'ono zimene zinkaopa kumezedwa. Pa 16 Julaye maganizo a nthumwi za ku Connecticut anapambana ndi voti imodzi yokha: nyumba ziwiri, ina yotsata chiwerengero, ina yopatsa zigawo zonse mavoti ofanana. Kugonjerana kumeneku ndimakulemekeza, chifukwa aliyense amene anataya kanthu anali pomwepo ndi pakamwa pake, ndipo Madison, ngakhale anagonja pa mfundoyi, anapita kukateteza malamulowo pamaso pa anthu.

Koma m'chipinda chomwecho anamvananso kuti pogawa mipando, akapolo asanu aziwerengedwa ngati anthu atatu, ndiponso kuti boma lisaletse kuitanitsa akapolo kunja chisanafike chaka cha 1808. Kalembera wa mu 1790 anapeza akapolo pafupifupi 700,000, ndipo palibe mmodzi amene anafunsidwa. Ena amati popanda zimenezi zigawo zakum'mwera zikanachoka pamgwirizano. Mwina n'zoona, koma ine ndikukana kuti kumeneku kutchedwe kugonjerana, popeza munthu sangagonje ndi chinthu chimene si chake. Eni akapolo anawonjezeredwa mipando chifukwa cha anthu omwewo amene ankawamana ufulu. Mlandu suola: unadzaphulika n'kukhala nkhondo yapachiweniweni mu 1861.

Otsutsa nawonso anamanga nawo

Nthumwi 39 zokha ndizo zinasaina. George Mason, Elbridge Gerry ndi Edmund Randolph anakana, ndipo dandaulo lalikulu la Mason linali lakuti munalibe ndime zoteteza ufulu wa munthu payekha. Pankafunika zigawo 9 kuti malamulowo ayambe kugwira ntchito, ndipo m'malo ena anadutsa movutikira: 187 kwa 168 ku Massachusetts, 89 kwa 79 ku Virginia, 30 kwa 27 ku New York. A ku Massachusetts anavomera koma n'kupereka mndandanda wa zofuna kusinthidwa, zigawo zina zinatengera njira yomweyo, ndipo mu 1791 ndime khumi za ufulu zinalowa m'malamulo. Zimandipweteka kuti m'komiti yathu ija munalibe munthu ngati Mason, ndipo ine amene ndinagwira cholembera sindinayese n'komwe.

Tsono Mayi, powerenga malamulowo musawaweruze onse pamodzi. Tengani mfundo imodziimodzi, mulembe amene anapindula, amene anataya, ndiponso ngati wotayayo anali m'chipindamo. Mukafika pa ndime ya akapolo mudzaona kuti funso lachitatulo ndi limene likuyankha imelo yanu.